Dzina lake silikhala pa posita: kodi ejenti wa oimba amagwira ntchito yanji?

Mukayenda wapansi kuchokera ku Chinamwali kulowa m'tauni ya Zomba mwezi ukamatha, maposita a zoimba amakhala atamatidwa paliponse, pa mapolo a magetsi, pa makoma a mashopu, ngakhale pa mitengo ya m'mbali mwa msewu. Pa posita pamakhala nkhope ya woimba, tsiku, malo ndi mtengo wa pakhomo. Tsiku lija likafika woimba osaoneka, mkangano umasamukira pa Facebook. Wokonza shoo amalemba kuti ndalama anapereka kalekale kwa ejenti. Woimba amayankha kuti za ku Zomba akuzimva kumene, afunseni manejala wake. Inu amene munagula tikiti mumangotsala kukamwa yasa, osadziwa woti mumugwire malaya.

Mawu oti ejenti amatisokoneza chifukwa kwathu kuno ejenti ndi uja wa pansi pa ambulera amene timaikitsako ndalama za Airtel Money kapena Mpamba. Koma ku America ndi ku Ulaya nyuzipepala zimalemba mbiri ya munthu amene wakhala ejenti wa oimba zaka 40 kapena 50, wosaimbapo ngakhale nyimbo imodzi, ndipo akamwalira oimba otchuka amamulira ngati kholo. Zaka zonsezo ankachita chiyani?

Anthu atatu amene timawasakaniza

Kumbuyo kwa shoo iliyonse yolipiritsa kuli ntchito zitatu, kaya agwira anthu atatu kaya wagwira mmodzi.

Pulomota ndiye mwini phwando. Amabwereka holo kapena bwalo, amalipira zokuzira mawu ndi jenereta, amasindikiza maposita, amapempha achitetezo, amaika anthu pageti. Mvula ikagwa anthu osabwera, ngongole ndi yake. Malo akadzadza, chotsala ndi chakenso.

Manejala ali mbali ya woimba ndipo amayang'ana ntchito yake yonse: nyimbo ituluke liti, kanema ajambule ndi ndani, atsatse malonda a kampani iti, atolankhani akafunsa za mphekesera ayankhe chiyani. Kawirikawiri amakhala ndi woimba mmodzi kapena owerengeka, ndipo kumaiko kumene ntchitoyi inakhazikika amatenga pakati pa 15 ndi 20 pa 100 iliyonse ya zimene woimbayo wapeza.

Ejenti nayenso ali mbali ya woimba, koma munda wake ndi umodzi basi, kupeza malo okaimba. Amagulitsa masiku a woimba kwa mapulomota, amanenerera mtengo, amalemba mgwirizano, nkuonetsetsa kuti chikole chalowa tsiku lisanafike. M'buku mwake mumatha kukhala oimba ambirimbiri. Gawo lake lodziwika ndi 10 pa 100, ndipo amadula pa ndalama ya shoo yokha. Za malonda a nyimbo sizimukhudza.

Kuno kummwera chofanizira chili pafupi. Pa ukwati pamakhala mwinimbumba, amene amadziwa za mwana wa mlongo wake kuyambira fizi ya kusukulu mpaka matenda. Ameneyo ndiye manejala. Pamakhala komiti imene yabwereka tenti ndi kugula mpunga, nkumadikira perekaniperekani kuti ndalama zibwerere. Pulomota ameneyo. Ndiye pali nkhoswe, amene amapita kukalankhula m'malo mwa mwini nkhani, ndipo banja likagwedezeka ndi amene amagogoderedwa usiku. Ejenti ndi nkhoswe wa masiku oimba. Kusiyana kwake nkwakuti nkhoswe wa ukwati amangodyapo nkhuku, pamene uyu amatapa pa ndalama.

Ku California malire a ntchito zimenezi ali m'malamulo. Wopezera woimba kapena wazisudzo ntchito ayenera kukhala ndi laisensi ya uejenti, ndipo manejala akachita zimenezo wopanda laisensi, woimba akhoza kukadandaula mgwirizano wawo nkuthetsedwa. Kwathu kuno, nambala ya foni imene ili pansi pa tsamba la woimba nthawi zambiri imakhala ya munthu mmodzi amene ndi manejala, ejenti, dalaivala komanso mchimwene wake wa woimbayo.

Kumene ntchitoyi inachokera

Mu 1898 mnyamata wobadwira ku Germany, William Morris, anatsegula ofesi ku New York. Nthawi imeneyo anthu ankakonda zisudzo zosakaniza, woimba, wanthabwala, wovina ndi wamatsenga onse usiku umodzi, ndipo eni maholo ndiwo anali ndi mphamvu yonena mtengo. Morris anaima pakati, kulankhulira ochita zisudzo nkumatengapo gawo. Kampani yake inakhala zaka zoposa 100, ndipo mu 2009 inaphatikizana ndi ina yotchedwa Endeavor nkukhala WME.

Amene anaphunzitsa mabandi kuyenda ndi Jules Stein, dokotala wa maso wa ku Chicago amene ankaimba zida kuti apeze fizi ali pasukulu. Mu 1924 anayambitsa Music Corporation of America, imene imadziwika kuti MCA. Kale bandi inkakhala pa hotela imodzi kapena holo ya dansi imodzi miyezi yambiri mpaka anthu kutopa nayo. Stein anayamba kuzungulitsa mabandi, lero tauni iyi mawa ina, kuti aliyense aziona zatsopano. MCA inakula mpaka kulowa m'makanema ndi pa TV, ndipo apa mpamene panabuka vuto. Kampani yomweyo inali yolankhulira ochita zisudzo komanso yowalemba ntchito, ngati munthu kukhala nkhoswe wa kuchimuna ndi wa kuchikazi pa ukwati umodzi. Mu 1962 boma la America linalowererapo ndipo MCA inasiya uejenti. Mfundo imeneyi muisunge, tikumana nayonso tikafika kwathu.

Koma amene mbiri yake imayankha bwino funso la zaka 40 ndi Frank Barsalona. Anali ejenti wamng'ono pa kampani yotchedwa GAC pa nthawi imene akuluakulu a ntchitoyi ankaona nyimbo za rock ngati masewera a ana amene atha chaka chamawa. Anagwira nawo ntchito yokonza ulendo woyamba wa The Beatles ku America mu 1964, ndipo chaka chomwecho anachoka nkuyambitsa kampani yakeyake, Premier Talent. Iye ankakhulupirira kuti nyimbo yotchuka pa wailesi imafa msanga, koma bandi yodziwa kuimba pamaso pa anthu imadya zaka zambiri. Choncho ankayambitsa mabandi ake m'malo ang'onoang'ono, nkumawakweza pang'onopang'ono.

Nzeru yake yaikulu inali pa mapulomota. M'mzinda uliwonse anasankhamo wachinyamata mmodzi womudalira, monga Bill Graham ku San Francisco, ndipo pangano linali losavuta kumva. Ulandire bandi yanga yosadziwikayi lero ngakhale uluzepo, ikadzatchuka sindidzaipereka kwa mnzako, idzabwera kwa iwe. Pangano limeneli ndi lofanana ndi la mayi wogulitsa mandasi amene amakongoza wophunzira wa ku Chikanda pakati pa temu podziwa kuti ndalama ya kunyumba ikafika sakagula kwina. M'manja mwa Barsalona munadutsa The Who, Led Zeppelin, Bruce Springsteen ndi U2. Kampani yake inalowa m'manja mwa kampani ya William Morris mu 2002, patatha zaka 38. Mu 2005 analowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame pamodzi ndi oimba enieni, ndipo anamwalira mu 2012.

Dongosolo lake silinakhale mpaka kalekale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mapulomota a m'mizinda aja anayamba kugulidwa mmodzimmodzi ndi kampani imodzi, imene mu 2005 inadzakhala Live Nation, ndipo mu 2010 inaphatikizana ndi Ticketmaster yogulitsa matikiti. Mu May 2024 boma la America linaisumira ponena kuti yakhala yokha pamsika. Kampaniyo inakana mlanduwo.

Kalendala ndiye katundu wake

Katundu amene ejenti amagulitsa amaola msanga kuposa masitiroberi amene anyamata amatsatsa pamsewu wokwera ku Chawe. Loweruka la kumapeto kwa mwezi likadutsa lisanagulidwe, lapita. Woimba sangalisunge m'thumba kuti adzaligulitse mtengo ukakwera.

Kugulitsa tsiku limodzi aliyense akhoza. Luso lili pa kulumikiza masiku. Tiyerekeze bandi ya anthu 10 ndi lole ya zida. Ikaimba Lachisanu ku Blantyre, Loweruka ku Zomba, mtunda wosakwana makilomita 70, kenaka Lamulungu masana ku Liwonde kapena ku Balaka, mafuta a ulendo umodzi abweretsa ndalama za mageti atatu. Bandi yomweyo ikaimba Lachisanu ku Mzuzu, Loweruka ku Zomba, Lamulungu ku Lilongwe, ndalama yonse yathera mu thanki, oimba afika mawu atasasa, ndipo tayala limodzi likaphulika pa Ntcheu ndiye kuti ku Zomba kulibe shoo. Woyendetsa minibasi amazidziwa izi. Sapita ku Jali asanaganize za amene adzakwere pobwerera.

Ndiye pali kudziwa malo, kumene sikulembedwa m'buku lililonse. Zomba ndi tauni ya ogwira ntchito m'boma, asilikali, apolisi ndi ophunzira. Pa 15 mwezi matumba amakhala atauma. Ophunzira a ku yunivesite akatsekera, amene anaika shoo podalira iwo amaimbira mipando. Kuyambira December mpaka March bwalo lopanda denga ndi juga, ndipo mvula ya pansi pa phiri ili siichenjeza. Mu June usiku kumazizira moti anthu amabwerera msanga. Mwezi wa Ramadan umasintha chiwerengero cha pageti kuno, ku Machinga ndi ku Mangochi kuposa mmene ungasinthire ku Dedza. Nyengo yotentha ikafika, zikondwerero za kunyanja zimakoka oimba ndi owonera omwe. Ngakhale mpira wa Bullets ndi Wanderers umatha kuphwanya shoo ya masana. Munthu amene wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri amakhala ataluzapo pa chilichonse mwa zimenezi, ndipo mtengo wake umachokera pamenepo.

Mbali imene anthu ambiri saiganizira ndi kukana. Pulomota wa ku Zomba amene walipira ndalama zambiri safuna kumva kuti woimba yemweyo anaimba ulere pa bala ina ku Matawale dzulo lake. Kunja zimenezi amazilemba mu mgwirizano, kuti woimba asaimbe pamalo ena oyandikira kwa masabata akutiakuti shoo isanachitike komanso itachitika. Ejenti wabwino amakananso malo aakulu kuposa msinkhu wa woimba wake. Anthu 400 mu holo ya anthu 400 amatuluka akunena kuti kunali moto. Anthu 400 omwewo pa bwalo la mpira amajambula mipata nkuika pa WhatsApp kuti mkulu uja watha.

Ndalama imayenda bwanji

Njira zolipirira woimba zilipo zitatu zodziwika. Yoyamba ndi mtengo wokhazikika: mwagwirizana ndalama yakuti, kaya kubwera anthu kaya ayi. Yachiwiri ndi kugawana za pageti. Yachitatu imaphatikiza ziwirizi, woimba amalandira mtengo wokhazikika kapena gawo la phindu, chimene chakula pa ziwirizo. Pa mashoo aakulu a kunja kagawidwe kofala ndi kakuti zowonongedwa zonse zikachotsedwa, woimba amatenga 85 pa 100, pulomota 15. Nthawi zambiri theka la mtengo limaperekedwa pasadakhale ngati chikole, ndipo limasungidwa ndi ofesi ya ejenti mpaka shoo itachitika.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti tione amene amadya ndi amene amalira. Tikiti ndi K10,000, abwera anthu 500, pageti papezeka K5,000,000. Holo, zokuzira mawu, jenereta ndi mafuta ake, achitetezo, maposita, kulengeza pa wailesi ndi zilolezo zadya K2,000,000. Woimba munagwirizana K2,000,000. Pulomota watsala ndi K1,000,000. Pa ndalama ya woimba ija ejenti atengapo K200,000, manejala K300,000 kapena K400,000, yotsalayo ilipire oimba zida, mafuta ndi malo ogona. Tsopano igwe mvula, abwere anthu 250. Pageti papezeka K2,500,000, woimba alandirabe yake yonse, pulomota waluza K1,500,000. Mukanagwirizana zogawana za pageti, nonse mukanagawana K500,000 yotsalayo nkupita kwanu mukung'ung'udza limodzi. Nchifukwa chake pulomota amakonda za pageti akamakayika, ndipo woimba amakonda mtengo wokhazikika. Ejenti amakhala pakati pa zofuna ziwirizi, ndipo amadziwa kuti akamufinya kwambiri pulomota chaka chino, chaka chamawa kulibe womugula masiku.

Ine zimenezi ndinaziona ndi maso zaka zapitazo, mlamu wanga atakonza shoo pa holo ina muno mu Zomba. Anapereka chikole kwa munthu amene ankayankha foni ya bandi, osalemberana kalikonse. Tsikulo geti tinatsegula 7 koloko madzulo. Pofika 10 koloko pa siteji panali DJ yekha, anthu ayamba kumenya zitseko, ena akufuna ndalama zawo. Tikaimba foni ankati ali pa Namadzi, patapita ola limodzi ali pa Namadzi pomwepo. Tinadzamva pambuyo pake kuti tsiku lomwelo linagulitsidwanso kwa munthu wina ku Blantyre, ndipo anayamba kuimba kumeneko. Anafika pakati pa usiku, theka la anthu litapita. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha tinali kumbuyo kwa holo, ndalama tayala pa boneti ya galimoto, wina akuunikira ndi tochi ya foni. Mkulu wa bandi anaima potero manja m'thumba kudikira yotsala yake.

"Alamu, tawerenganinso, mwina mwalumpha mtolo wina," anatero mlamu wanga, mawu akunjenjemera.

Ndinawerenga kachitatu. Inali yomweyo. Mkulu uja anati, "Bwana, ife taimba. Za pageti si zathu." Ndipo mwa njira ina sankanama. Panalibe pepala lonena nthawi yofika, panalibe lonena chimene chichitike akachedwa, ndipo amene anatenga chikole uja foni yake inali yothima.

Pepala limene linasowa usiku umenewo ndi gawo lalikulu la ntchito ya ejenti. Kupatula mgwirizano wa mtengo, pamakhala pepala lina lotchedwa rider, lofotokoza zonse zimene woimba akufuna kuti apeze: kukula kwa siteji, mtundu wa zokuzira mawu, mamaiki angati, magetsi amphamvu bwanji, chakudya, malo ogona. Nkhani yotchuka pa zimenezi ndi ya bandi ya ku America ya Van Halen, imene m'zaka za m'ma 1980 inkalemba kuti m'chipinda chawo mukhale maswiti a M&M's koma a bulauni onse achotsedwemo. Anthu ankati ndi matama. Eni ake anadzafotokoza kuti unali msampha. Zida zawo zinali zolemera kwambiri ndipo zinkafuna magetsi ochuluka, choncho akapeza switi ya bulauni m'mbale ankadziwa kuti pulomota sanawerenge pepala lonse, ndiye ankayamba kufufuza siteji ndi mawaya asanakwerepo.

Chimene chimamusunga munthu zaka 40

Ku makampani aakulu a ku America, ambiri amayambira m'chipinda cha makalata, kusankhula ndi kugawa makalata m'maofesi. David Geffen, amene anadzakhala mmodzi mwa anthu olemera kwambiri pa malonda a nyimbo, anayambira m'chipinda chotere ku William Morris. Akachoka apo amakhala wothandizira ejenti wamkulu, kumvetsera mmene akulankhulira pa foni, kenaka amapatsidwa oimba ang'onoang'ono amene wina aliyense sakuwafuna. Zili ngati mnyamata wa pa galaja amene amayamba ndi kutsuka masipanala.

Chuma chimene amasonkhanitsa m'zaka zonsezo sichioneka. Amadziwa pulomota amene amalipira pa nthawi yake ndi amene amathima foni Lolemba. Amadziwa holo imene magetsi ake amagwa bandi ikangoyamba, ndi woimba amene ukamuuza 8 koloko uyenera kunena kuti 6. Pulomota akamva kwa iye kuti mwana uyu simukumudziwa koma mutengeni, amamutenga chifukwa cha mawu a zaka 20 zapitazo amene anapherezera. Pa ntchito imeneyi bodza limodzi limayenda mofulumira kuposa lole ya zida, chifukwa mapulomota ndi ochepa ndipo amadziwana.

Pali zowawa zake. Ejenti amatha kulera woimba kuyambira pamene ankaimbira anthu 30, osapezapo ngakhale ya mayunitsi, ndiye woimbayo akangotchuka nkusamukira ku kampani yaikulu. Ena amati kumeneko nkusayamika. Ena amati woimba si mbuzi ya munthu, ali ndi ufulu wopita kumene akuona kuti athandizidwa bwino, ndipo zaka zake zotchuka ndi zochepa kuposa za ejenti. Onse ali ndi mfundo. Komanso malipiro a ejenti amabwera pokhapokha shoo yachitika. Mu 2020 matenda a Covid atatseka maholo padziko lonse, ntchito ya chaka chathunthu yokonza masiku inasanduka ya ulere. Kwathu kuno boma linaletsa misonkhano ya anthu oposa 100 mu March chaka chomwecho, ndipo aliyense wodya za pageti anaiona nyengo imeneyo.

Nanga kwathu amagwira ntchitoyi ndani?

Ntchitoyi ilipo m'Malawi, kungoti ilibe ofesi yakeyake. Kwa zaka zambiri atsogoleri a mabandi ndiwo akhala akuigwira. Malemu Lucius Banda wa ku Balaka, amene anatisiya mu June 2024, anali woimba, mwini wa Zembani Band, wolera oimba achinyamata, komanso pulomota kudzera ku Impakt Events imene inayambitsa Sand Music Festival mu 2010. Black Missionaries ya ku Chileka yakhala ikuzungulira dziko lino pafupifupi sabata iliyonse kwa zaka zoposa 20, ndipo kalendala yotere siyenda yokha, pali amene amaisunga. Kuphatikiza ntchito kotere kuli ndi chifukwa chake. Pa msika waung'ono, 10 pa 100 ya shoo imodzi singadyetse munthu amene ntchito yake ndi yokhayo.

Makomo a kunja nthawi zambiri atsegulidwa ndi anthu amene sanali maejenti konse. Oimba apachibale Daniel ndi Donald Kachamba anakumana ndi katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, mu 1967, ndipo ubale umenewo ndi umene unadzawafikitsa ku Ulaya. Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni, anaonekera ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera apo akhala akuyenda ku Ulaya. Zikondwerero zotere, kuphatikizapo Lake of Stars imene inayambira ku Chintheche, zimakhalanso msika, chifukwa m'gulu la owonera mumakhala anthu amene abwera kudzasaka oimba oti akawagulitse kwawo. Ndipo muno mu Zomba tili ndi chitsanzo chosonyeza kuti kutchuka ndi kuyenda ndi zinthu ziwiri. Nyimbo zimene Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, anajambula ndi akaidi a ku ndende yaikulu ya Zomba mu 2013 zinafika pa mndandanda wopikisana pa mphoto ya Grammy ya 2016, koma panalibe masiku oti ejenti aliyense agulitse, popeza oimbawo anali m'kati mwa mpanda.

Ena amasokoneza ejenti ndi COSOMA. Bungwe limeneli, limene linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama kwa amene akugwiritsa ntchito nyimbo pagulu, monga mawailesi, mabala ndi okonza mashoo, nkugawira eni nyimbo. Silipezera woimba malo okaimba. Musicians Union of Malawi nayo ndi yolankhulira oimba onse pamodzi, osati yogulitsa Loweruka la munthu mmodzi.

Kumene Amalawi timakumana ndi ejenti weniweni ndi pamene pulomota akufuna woimba wa ku South Africa, Nigeria kapena Jamaica. Ofesi ya kumeneko imafuna chikole m'madola miyezi ingapo tsiku lisanafike, matikiti a ndege a gulu lonse, hotela, ndi rider yamasamba ambiri. Pulomota amagulitsa matikiti m'makwacha koma ngongole yake ili m'madola, amenenso kuwapeza kubanki ndi nkhondo. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Amene anali atagwirizana mtengo mwezi wa October anadzuka ngongole itakula matikiti atasindikizidwa kale. Chikole chikachedwa, ejenti amagulitsa tsikulo kwa wina, ndipo malinga ndi pepala salakwa. Palinso akamberembere a pa intaneti amene amadzitcha maejenti a woimba wakutiwakuti, nkulandira chikole woimbayo osadziwa kanthu. Choncho woimba akalemba kuti za ku Malawi akuzimva kumene, nthawi zina amakhala akunena zoona, ndipo pulomota wonena kuti analipira amakhalanso akunena zoona.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi lija la MCA. Munthu mmodzi akakhala woimba, pulomota komanso wolankhulira oimba anzake, kodi woimba wamng'ono amene akutsegulira shoo amamunenerera mtengo ndani? Ena amati popanda akuluakulu otere achinyamata ambiri sakanakwera pa siteji nkomwe. Ena amati ndi chifukwa chake ambiri amalipidwa ndi mawu oti awonekera. Kulekanitsa ntchitozi ndi lamulo kungateteze oimba, koma kungathenso kuwonjezera pakamwa pena pa mbale imene ndi yaing'ono kale.

Lachiwiri ndi la foni. Lero pulomota wa ku Songani akhoza kulembera woimba mwachindunji pa WhatsApp, kutumiza chikole pa Mpamba, nkhani yatha. Achinyamata ena amafunsa kuti nanga wapakatiyo ndi wa chiyani. Oyankha amati uthenga wa pa foni sudziwa kuti pulomota ameneyo anathawa ndi ndalama za bandi ina chaka chatha, ndiponso woimba amene amadzinenerera yekha mtengo amavutika kukana mnzake wa kusukulu. Kunja nako funsoli lilipo mwa mtundu wina. Manambala a pa YouTube ndi Spotify amasonyeza mizinda imene woimba akumvedwa kwambiri, ndipo sizinadziwike ngati makutu a munthu wa zaka 40 pa ntchito adzapitirire kulemera kuposa manambalawo.

Lachitatu ndi la inu ogula tikiti. Shoo ikalephereka, abweze ndalama ndani, pulomota amene analandira zanu, kapena amene wasunga chikole? Nanga ndalama ya minibasi yochokera ku Domasi, ndi chipinda chimene munalipira m'tauni? Kodi chikole chizisungidwa ndi munthu wachitatu amene si wa mbali iliyonse, ndipo munthuyo angakhale ndani amene pulomota wa ku Zomba ndi bandi ya ku Lilongwe onse angamukhulupirire ndi K1,000,000 kwa milungu itatu?